Kodi ndiphe mabakiteriya onse m'dimba langa la matimati?

Funso: "Ndimalima matimati a Money Maker m'dimba kuno ku Ntcheu. Chino ndi chaka chachitatu chigawo cha kumunsi kwa dimba chikundifera. Chomera chimafota masana masamba ali obiriwira, m'mawa n'kudzuka, koma pakatha masiku ochepa chimagoneratu. Chondidabwitsa n'chakuti pamzere womwewo zina zimatsala zili bwinobwino mpaka kubereka. Wogulitsa mankhwala akuti ndi mabakiteriya, ndithire kopa m'nthaka ndiponso ndizipopera masamba sabata iliyonse kuti afe onse. Mwana wanga amene ali ku koleji akuti ndisatero, chifukwa kumizu ndi pamasamba kuli mabakiteriya abwino. Ndimvere uti?" Mayi wolima matimati, Ntcheu.

Yankho: Pepani, mayi. Matimati akamafa atayamba kale maluwa ndiye kuti mbewu, feteleza ndi thukuta la miyezi iwiri zalowa m'madzi, ndipo kuti zichitike zaka zitatu zotsatizana n'zopweteka kwambiri. Wogulitsa mankhwalayo ayenera kuti walondola matendawo, koma njira imene wakupatsaniyo singawathetse. Mwana wanu akunena zoona. Kopa musathire m'nthaka. Za kupopera masamba tikambirana pazokha kutsogoloku, chifukwa moyo wa patsamba ndi wa kumuzu ndi wosiyana kutalitali.

Yambani mwatsimikiza kuti matendawo ndi amene tikuwaganizirawo. Zulani chomera chimodzi chimene changoyamba kufota, mudule tsinde chapafupi ndi nthaka, kachidutswa kotalika ngati chala. Thirani madzi oyera m'tambula yagalasi, kachidutswako mukagwirize kuti nsonga yake yokha imire, ndipo musagwedeze. Pakapita mphindi zitatu kapena zisanu, mukaona timaulusi toyera tikutsika pang'onopang'ono kuchokera podulidwapo, amenewo ndi mabakiteriya otchedwa Ralstonia solanacearum. Mukang'amba tsindelo mupezanso mkati muli mofiirira. Madzi akakhala osasintha, ganizirani zina: fangasi wa Fusarium amayamba ndi kusandutsa masamba apansi achikasu, kawirikawiri mbali imodzi ya chomera, pamene tinyongolotsi ta m'mizu timasiya zotupatupa pamizu. Koma kufota masamba ali obiriwira, kudzuka m'mawa kenako n'kugweratu, ndiwo mayendedwe enieni a Ralstonia.

Kachilombo kameneka kanafotokozedwa koyamba ndi Erwin F. Smith wa ku America m'chaka cha 1896, ndipo mpaka lero palibe mankhwala opopera amene amachiza chomera chimene kalowamo kale. Kamakhala m'nthaka ndi m'madzi, kamakonda kutentha ndi chinyontho, ndipo kamagwiranso mbatata ya kachewere, fodya, mabilinganya ndi tsabola. Kamalowera pabala: pamene muzu waduka powokera, pamene khasu lakhudza popalira, pamene tinyongolotsi taboola, ngakhalenso pamng'alu wachibadwa pamene kamuzu kakang'ono kakutuluka pa muzu waukulu. Kakalowa kamakakhazikika m'mitsempha yokweza madzi, n'kuswana mpaka mabiliyoni, uku kakutulutsa zinthu zonanda zimene zimatseka mitsemphayo. Masamba amafota ali obiriwira chifukwa iwo sanadwale, angomanidwa madzi. Ndipo chigawo cha kumunsi n'chimene chikufa chifukwa madzi othirira ndi a mvula amatsetserekera kumeneko atanyamula tizilomboto, komanso nthaka ya kumeneko imachedwa kuuma.

Tsono taganizirani kopa. Kopa amapha chimene wachikhudza, ndipo salowa m'mitsempha ya chomera mmene mdaniyo wabisala. M'nthaka amagwidwa ndi dongo komanso zowolerana za pamwamba, pamene Ralstonia amapezeka ngakhale pansi kwambiri, kumene chothirira chanu sichingafikitse mankhwala. Choipa china n'chakuti kopa ndi chitsulo, sawola ngati mankhwala ena. Amene mwathira chaka chino adzakhala momwemo zaka zambiri, akuunjikana, akupweteka nyongolotsi ndi tamoyo tina ta m'nthaka. Ndalama mutaya, matenda atsala, ndipo ophedwa kwambiri akhala aja amene amakuthandizani. Mukalambula malo n'kuwasiya mbee, chimene chimayamba kumera si chimene mumachifuna, ndi udzu wothamanga kuposa unzake. M'nthaka n'chimodzimodzi, ndipo Ralstonia ndi wothamanga. Ofufuza akafuna kuti matimati adwale mwachangu pa kafukufuku wawo, nthawi zambiri amayamba aphika dothi kuti muchoke tamoyo tonse, chifukwa m'dothi lotero kachilomboka sikapeza wolimbana nako.

Funso lanu labwino kwambiri ndi lija mwalifunsa modutsa: n'chifukwa chiyani zomera zina pamzere womwewo zimapulumuka? Mbali ina ndi mwayi chabe, muzu wina sunavulale kapena madzi oipawo sanaufike. Mbali ina yagona pa zimene mwana wanu akunena.

Mukazula chomera mosamala, dothi lina limatsala litamatirira kumizu. Kadothi kameneko n'kosiyana ndi dothi la pakati pa mizere. Lorenz Hiltner wa ku Germany anazindikira zimenezi m'chaka cha 1904, ataona kuti mabakiteriya amachuluka kwambiri pafupi ndi muzu kusiyana ndi patali pang'ono. Galamu imodzi ya kadothi kameneka imatha kukhala ndi mabakiteriya biliyoni imodzi kapena kuposerapo, a mitundu yambirimbiri. Sabwera mwangozi, chomera chimawadyetsa. Pa chakudya chonse chimene masamba amapanga ndi dzuwa, pakati pa 5 ndi 20 peresenti chimatuluka kumizu n'kulowa m'nthaka. Kwa matimati, zambiri mwa zotulukazo ndi ma asidi a citric, malic ndi succinic pamodzi ndi shuga. Mizu ya matimati imatulutsanso tomatine, mankhwala owawa amene chomera chimadzitetezera nawo, ndipo ofufuza a ku Kyoto ku Japan anaonetsa mu 2021 kuti tomatine ameneyu amachulukitsa mabakiteriya a banja la Sphingomonas, amene amatha kumudya. Choncho chomera chimasankhako oyandikana nawo kudzera m'zimene chikuwapatsa.

Vuto n'lakuti Ralstonia nayenso amamva fungo la chakudya chomwecho. Amasambira m'madzi a m'nthaka kulondola asidi wa malic mpaka kukafika pamuzu. Akafika, zimatengera amene wawapezapo. Akapeza malo onse ali ndi eni ake ndipo chakudya chikudyedwa chikangotuluka, sachuluka kufika poti n'kuthyola chitetezo cha chomera. Pali kulimbirananso ayironi. Mabakiteriya onse amafuna ayironi, koma m'nthaka sapezeka mosavuta, ndiye aliyense amatulutsa timankhwala tomugwira n'kumukokera kwa iye. Kafukufuku wa ku Nanjing Agricultural University ku China wa mu 2020 anapeza kuti mabakiteriya amene timankhwala tawo Ralstonia sangathe kutigwiritsa ntchito amamupanikiza, pamene ena amene timankhwala tawo amatha kutiba amamuthandiza kukula. Apa mpamene ndimasiyana pang'ono ndi mwana wanu: kugawa mabakiteriya m'magulu awiri, abwino ndi oipa, sikukwanira. Alipo amene paokha sadwalitsa chomera koma amatsegulira njira mdani, ndipo ochuluka kwambiri sachita chabwino kapena choipa chooneka, kungoti kukhalapo kwawo kumadzaza malo.

Ena amamenya nkhondo yeniyeni. Bacillus ndi Pseudomonas amatulutsa mankhwala opha anzawo. Streptomyces, amene amapangitsa fungo lokoma lija nthaka imatulutsa mvula yoyamba ikagwa, ndi mtundu womwewo umene anthu anapezako streptomycin ndi mankhwala ena a kuchipatala. Ena akakhala pamuzu amadzutsa chitetezo cha chomera chonse, mwakuti ngakhale masamba amakhala tcheru. Ena amasungunula fosiforasi womangika m'dothi, ena amatulutsa timankhwala tokulitsa mizu. Ndionjezepo kuti inokulanti amene mumasakaniza ndi mbewu ya soya ndi mabakiteriya a m'gulu la othandizawa, koma pa matimati sangagwire ntchito imene amagwira pa soya, chifukwa matimati sapanga timfundo ta kumizu tosungiramo mabakiteriya okoka nayitirojeni.

Kafukufuku amene ndikufuna mumudziwe bwino anachitika ku South Korea ndipo anasindikizidwa mu 2018 m'magazini ya Nature Biotechnology. Anagwiritsa ntchito Money Maker yemweyo mumalimayo, monga chitsanzo cha mtundu wosachedwa kugwidwa ndi kufota, n'kumuyerekeza ndi mtundu wopirira wotchedwa Hawaii 7996. Atabzala mitundu iwiriyi m'nthaka imodzi, mabakiteriya osonkhana kumizu yawo anasiyana, ndipo kumizu ya Hawaii 7996 kunachuluka kwambiri a mtundu wa Flavobacterium. Atasamutsira tamoyo ta kumizu ya mtundu wopirirawo kwa Money Maker, matenda anachepa mphamvu. Kenako anakwanitsa kulera Flavobacterium mmodzi payekha, amene anamutcha TRM1, ndipo m'miphika yoyesera iyeyo anachepetsa kufota. Tanthauzo lake n'lakuti kupirira kwa mtundu wa matimati sikuli m'thupi la chomeracho mokha, kulinso mwa amene chimawaitana.

Chaka chotsatira, mu 2019, a ku Nanjing aja anayankha pafupifupi funso lanu lenileni. Anabzala matimati m'munda umene unali ndi Ralstonia, akutengako kadothi ka kumizu ya chomera chilichonse kuyambira pachiyambi osachizula. Pamapeto zina zinafa, zina zinapulumuka. Atabwerera ku dothi loyambirira lija, anapeza kuti kusiyana kunalipo kale matenda asanaoneke: zopulumukazo zinayamba moyo ndi Pseudomonas ndi Bacillus opanikiza matenda, ngakhale anali ochepa pachiwerengero. Ine pa zonsezi ndimatengapo phunziro limodzi logwirika, lakuti nkhondo ya kufota imayambira kunazale. Dothi limene mbande yakuliramo masabata ake oyamba ndi limene limaipatsa anzake oyenda nawo kumunda.

Ndikuchenjezeni pano, chifukwa wina atawerenga zimenezi angaganize zokatapa dothi patsinde la chomera chopulumuka n'kukalithira kunazale. Musatero. Chomera chooneka chathanzi pakati pa zodwala chimatha kukhala ndi Ralstonia kumizu, ngakhale m'tsinde momwe, osaonetsa chizindikiro. Ofufuza amayeza dothi lawo asanalisamutse, inu mulibe choyezera, ndipo mungadzitengere nokha matenda kumalo amene anali oyera. Dothi la chigawo chodwalacho lisachoke kumeneko, ngakhale la kukhasu kapena la kumapazi.

Za mabakiteriya a m'botolo, amene ayamba kugulitsidwa m'maiko ambiri, makamaka a Bacillus subtilis ndi abale ake, ndinene chilungamo. Bacillus amasungika bwino chifukwa amadzitsekera m'kachikopa kolimba kopirira kutentha ndi kuuma. Amathandizako, makamaka akaikidwa kunazale mbande zisanakumane ndi matenda. Koma zotsatira za m'miphika sizibwera zonse kumunda, chifukwa mlendo mmodzi amakapeza mabiliyoni a eni nthaka ndipo kawirikawiri amachepa pakapita masabata. Pa dimba lodwala kale ngati lanu, botolo lokha silingakupulumutseni.

Tikwere kumasamba. Kumuzu kuli chinyontho, mdima ndi chakudya, pamene patsamba pali dzuwa lowotcha, kuuma masana, mame usiku, ndi chakudya chochepa zedi. Ngakhale zili choncho, kachigawo ka tsamba ka sentimita imodzi mulitali ndi mulifupi kamatha kukhala ndi mabakiteriya pakati pa 1 miliyoni ndi 10 miliyoni. Sabalalika paliponse, amaunjikana m'timakwawa ta m'mbali mwa mitsempha ya tsamba, patsinde pa ubweya uja umakudetsani manja mukamagwira matimati, ndi pafupi ndi timabowo topumira, makamaka kunsi kwa tsamba. Ambiri ndi a mitundu ya Sphingomonas, Pseudomonas, Pantoea ndi Methylobacterium. Ena ali ndi utoto wachikasu kapena wofiirira wowateteza ku dzuwa. Methylobacterium amakhalira kudya methanol, mowa wochepa kwambiri umene tsamba limatulutsa likamakula. Asayansi a bungwe la FDA, loona za chakudya ndi mankhwala ku America, atayeza chomera cha matimati chiwalo ndi chiwalo mu 2013, anapeza kuti mizu, tsinde, masamba, maluwa ndi zipatso zili ndi magulu akeake, ndipo kusiyanako kumakula mukamatalikira nthaka. Masamba apansi amafanana kwambiri ndi dothi, chifukwa madontho a mvula amawathovulira dothilo.

Adani a patsamba ndi ena, si Ralstonia. Xanthomonas amachititsa timadontho takuda pamasamba ndi nkhanambo pazipatso nyengo yotentha ya mvula, ndipo mmodzi mwa oyamba kumufotokoza anali Ethel Doidge wa ku South Africa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1920. Pseudomonas syringae amakonda kuzizira ndi chinyezi, monga zimakhalira kumapiri a Ntcheu ndi Dedza, ndipo amasiya timadontho ting'onoting'ono tozunguliridwa ndi chikasu. Ameneyu ndi wochenjera: tsamba likamva kuti pali mabakiteriya limatseka timabowo take topumira, koma iye amatulutsa mankhwala otchedwa coronatine amene amatitsegulanso. Palinso Clavibacter, amene amayenda ndi mbewu komanso mpeni wodulira mphukira.

Ku University of California, Berkeley, Maureen Berg ndi Britt Koskella anatsuka masamba a matimati a m'munda, n'kupopera tamoyo ta m'madzi otsukirawo pa zomera zina, kenako n'kuzipatsira Pseudomonas syringae. Zotsatira zake, zimene zinatuluka mu 2018, zinaonetsa kuti kachilomboko sikanachuluke kwambiri pa zomera zopoperedwazo. Koma panali zodabwitsa ziwiri. Kuchulukitsa tamoyo topoperato sikunaonjezere chitetezo, mwakuti mlingo wochepa unachita bwino kuposa wochuluka. Ndipo pa zomera zimene zinali zitathiridwa feteleza, chitetezocho sichinaoneke. Izi sizikutanthauza kuti musiye feteleza, matimati ndi mbewu yadyera ndipo popanda chakudya simukolola. Zikungogwirizana ndi zimene alimi akale amaziona ndi maso, kuti matimati odyetsedwa nayitirojeni wambiri amachita masamba ofewa, othithikana, ochedwa kuuma, ndipo ndi amene amayamba kudwala.

Ndiye kupopera kopa sabata iliyonse? Pa kufota kwa m'dimba lanu sikuthandiza ngakhale pang'ono, chifukwa matendawo sali patsamba. Pa matenda a masamba kopa ali ndi malo ake, monga chotchinga chopoperedwa matenda asanafale, m'nyengo ya mvula kapena ya nkhungu. Sindikukuuzani kuti mutaye sipuleya. Chiwawu, chimene chimatha kupsereza dimba lonse m'sabata imodzi, sichichokera kwa mabakiteriya, ndipo nyengo yake ikafika Dithane kapena Ridomil amafunika pa nthawi yake. Chimene ndikukana ndi kupopera mwachizolowezi kunja kuli gwa, popanda chizindikiro chilichonse. Kopa sasankha, amapha ndi osalakwa omwe, ndipo otsala amakhala opirira. Ku Florida, kumene amalima matimati ambiri, Xanthomonas wosamva kopa analembedwa kale mu 1983, ndipo wosamva streptomycin anali atapezeka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960. Pa chifukwa chomwechi, makapisozi a kuchipatala asalowe m'sipuleya. Sachiza kufota, ndipo amaphunzitsa mabakiteriya kupirira mankhwala amene inu ndi ana anu mudzawafune tsiku lina.

Pali cholakwika chinanso cha mbali inayo. Anthu ena akamva za mabakiteriya othandiza amaviika ndowe zaziwisi kapena zitosi za nkhuku m'madzi n'kumapopera masamba ndi zipatso. M'ndowe zaziwisi mumakhala Salmonella ndi E. coli, mabakiteriya odwalitsa anthu, ndipo matimati timadya osaphika m'kachumbari. Manyowa apite m'nthaka, atawolerana, osati pazipatso.

Chimene chimateteza tsamba koposa ndi kuuma. Mabakiteriya oyambitsa matenda amafuna madzi kuti asambire kukalowa m'timabowo tija. Thirirani patsinde, osati pamwamba pa masamba, ndipo muzithirira m'mawa. Zikani mitengo kuti zomera ziime, zitalikirane mokwanira kuti mphepo idutse. Phimbirani ndi udzu wouma kuti dothi lisathovukire pamasamba, ndipo masamba okhudza pansi muwachotse. Musalowe m'dimba kukachotsa mphukira mame asanaume, popeza manja onyowa amanyamula matenda mzere wonse.

Tibwerere kumunsi kwa dimba kuja. Zomera zofota zizuleni ndi dothi la kumizu kwake, muziike m'thumba pomwepo kuti dothi lisayoyokere m'njira, mukazitenthe kutali ndi madzi. Zisalowe m'dzenje la kompositi. Mpeni ndi khasu muzitsuke dothi kaye, kenako muziviike m'madzi a Jik, gawo limodzi la Jik ku magawo 5 a madzi. Pazida ndi pamene mankhwala opha zonse ali ndi ntchito. Pogwira ntchito muziyambira chigawo chabwino n'kumalizira chodwala. Yang'anitsitsani kumene madzi anu amachokera ndi kumene amapita. Ngati chitsime chili kumunsi ndipo madzi ochokera pamabedi odwala amabwereramo, ndiye kuti mukuthirira dimba lonse ndi matenda. Kumbani ngalande yopatutsa madziwo, ndipo mabedi a chigawo chonyowa muwakweze.

Chigawo chodwalacho chipume ku matimati zaka zosachepera zitatu, ndipo pa nthawiyo musabzalepo kachewere, fodya, tsabola kapena mabilinganya. Chimanga chachiwisi, anyezi ndi kabichi zingakubwezereniko ndalama pamalopo. Kasinthasintha ameneyu amagwira ntchito chifukwa Ralstonia akasowa muzu womudyetsa amachepa, pamene mizu ya chimanga ikudyetsa magulu ena. Koma muzipalira, chifukwa zomera zina zakutchire monga mnadzi ndi chisoso zimatha kumusunga kumizu. Ndinene mosabisa kuti kasinthasintha amachepetsa matendawa, sawamaliza, makamaka m'dimba lonyowa chaka chonse.

Mpiru ungakuthandizeni kuposa mmene mumaganizira. Masamba ake akaphwanyidwa amatulutsa mpweya woyabwa uja umamveka m'mphuno, ndipo mpweya umenewo umapha Ralstonia ndi tinyongolotsi ta m'mizu. Bzalani mpiru wothithikana, ukayamba maluwa muuduledule bwinobwino, muukwirire nthawi yomweyo m'nthaka yonyowa, mudikire masabata awiri kapena atatu musanabzale china. Kuduladula n'kofunika, chifukwa tsamba losaphwanyika silitulutsa mpweyawo.

Kwa nazale pali njira imene ndimaikonda chifukwa imagwiritsa ntchito mabakiteriya eni akewo. Inayambira ku Japan ndi ku Netherlands chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Mumasakaniza gaga ndi dothi la bedi, pafupifupi kilogalamu imodzi pa mita imodzi mulitali ndi mulifupi, n'kuthirira mpaka dothi likhute, kenako n'kufunditsa pepala la pulasitiki losabooka, m'mbali mwake mutakwirira kuti mpweya usalowe. Pakhale choncho masabata atatu m'nyengo yotentha, monga mu Okutobala. Mabakiteriya akamadya gagayo amamaliza mpweya wonse, ndipo amene amakhala popanda mpweya, monga Clostridium, amachuluka n'kutulutsa ma asidi amene Ralstonia ndi Fusarium sapirira. Mukavundukula mumva fungo lowawasa. Dikirani sabata imodzi kapena iwiri dothi lipume, musakanizemo kompositi wowolerana bwino, ndiye mufese. Ku Japan amagwiritsa ntchito gaga wa tirigu kapena wa mpunga, ndipo wathu wa chimanga ndi chakudya cha mtundu womwewo. Ngakhale mutatero, nazale ikhale kumtunda, pamalo amene sipanalimidwepo matimati, kachewere kapena fodya, ndipo madzi ake akhale a pamjigo kapena ena osadutsa m'madimba.

Kompositi ndimamutchula kawirikawiri chifukwa ndiye njira yotsika mtengo yodyetsera tamoyo ta m'nthaka tambirimbiri nthawi imodzi. Akhale wopsa, woti mulu wake unatentha mkati n'kuzizira, wosanunkha ndowe. Manyowa aawisi amawotcha mizu, ndipo bala lililonse ndi khomo. Ngati nthaka yanu ili ndi asidi wambiri, monga zimakhalira m'madera ambiri a kumapiri ndi m'minda yothiridwa feteleza wa nayitirojeni zaka zambiri, laimu amathandiza, chifukwa kufota kumakula m'nthaka ya asidi ndipo kashiamu wa mu laimuyo amalimbitsa chomera. Mlangizi wa m'dera lanu angakuthandizeni kuyezetsa dothi kuti mudziwe mlingo wake. Powokera, zulani mbande ndi dothi lake nazale itathiriridwa, kapena muzifesere m'timachubu kuti mizu isaduke n'komwe. Popalira pafupi ndi tsinde gwiritsani manja.

Ngati mumasunga mbewu yanu, musatenge pa chomera chokayikitsa. Njere muzisiye m'madzi ake a tomato masiku atatu kuti zisase musanazitsuke, chifukwa kusasako kumachepetsa matenda omatirira pakhungu la njere. Kuviika njere m'madzi otentha madigiri 50 a Celsius kwa mphindi 25 kumapha ambiri obisala mkati, koma pamafunika choyezera kutentha, popeza mukapyola pang'ono mwapha mbewu.

Chomaliza ndi mtundu wa mbewu. Money Maker amabereka bwino ndipo msika umamudziwa, koma pa matenda amenewa ndi wofooka kwambiri, n'chifukwa chake ofufuza amamusankha akafuna chomera chodwala msanga. Rodade, wochokera ku South Africa, amapirirako, ngakhale kupirirako kumachepa kukatentha kwambiri kapena tizilombo tikachuluka m'nthaka. Njira yamphamvu kuposa zonse pa nthaka yodwala ndi kumezanitsa, monga timachitira ndi mango: pamwamba mtundu umene msika ukufuna, pansi mizu ya mtundu wopirira monga Hawaii 7996 kapena biringanya ya EG203, imene bungwe la World Vegetable Center la ku Taiwan limalimbikitsa. Alimi a chigawo cha Lam Dong ku Vietnam, amene kufota kunkawasautsa kwambiri, pafupifupi onse anasamukira ku mbande zomezanitsa. Funsani mlangizi wanu, kapena a kumalo ofufuzira za ulimi a Bvumbwe ku Thyolo amene amaona za mbewu zamasamba ndi zipatso, kuti ndi mitundu iti yopirira kufota imene ikupezeka panopa. Mukaipeza, muyesere kaye pabedi limodzi la chigawo chapakati, Money Maker akhale kumtunda kumene sikunadwale, ndipo kumunsi kupite chimanga.